Samuel Fuller: Mtolankhani wa Mitembo Amene Adasanduka Wopanga Mafilimu

Ambiri a ife mafilimu a zigawenga tidawadziwira m'nyumba zoonetsera vidiyo za m'misika yathu, ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi kwina. Mmenemo anthu amangoyoyoka ngati mango a mu Disembala. Mfuti ikalira munthu wagwa, oonera akuwa, nkhani n'kumapitirira popanda wofunsa kuti wagwayo ndi mwana wa yani, nanga akamuika m'manda ndani. M'kope lino, okondedwa awerengi, tikufuna tikambe za munthu wina wa ku America amene ankapanga mafilimu a mtundu womwewu, a mbava, apolisi ndi opha anzawo, koma funso la mtembo silinkamuchoka m'mutu. Dzina lake ndi Samuel Fuller. Tineneretu kwa makolo anzathu kuti mafilimu ake si a ana, ndipo sitikulemba izi pofuna kuti muwafunefune. Tikulemba chifukwa moyo wake ukutionetsa mmene mafilimu otere amapangidwira, mwini mawu pa zimene timaonazo amakhala ndani, komanso mtengo umene munthu amalipira akafuna kunena zinthu monga adazionera ndi maso ake.

Mwana wamasiye m'nyumba ya nyuzipepala

Fuller adabadwa pa 12 Ogasiti 1912 mumzinda wa Worcester, m'chigawo cha Massachusetts. Makolo ake adali Ayuda osauka amene adasamukira ku America kuchokera kum'mawa kwa Ulaya. Bambo ake atamwalira iye ali ndi zaka 11, mayi ake adatenga ana n'kupita nawo ku New York. Ali ndi zaka 12 mnyamatayu adayamba ntchito ya utumiki m'nyumba ya nyuzipepala, kuthamanga ndi mapepala kuchoka kwa wolemba kupita kwa mkonzi, kwa mkonzi kupita kwa osindikiza. Pofika zaka 17 adali atakhala mtolankhani wa nkhani za upandu pa nyuzipepala ya New York Evening Graphic, imene inkadziwika ndi nkhani zodzidzimutsa, zina mwa izo zokokomeza.

Taganizani, mwana wa msinkhu wa Fomu 3 tsiku ndi tsiku n'kumayendera mapolisi, nyumba zachisoni ndi zipinda zimene anthu adzipheramo kapena kuphedweramo. Kumeneko ndiko adaphunzira zinthu ziwiri zimene adayenda nazo moyo wake wonse. Choyamba, kuti nkhani uyenera kuiyamba ndi chinthu chogwira mtima, apo ayi wowerenga atsegula tsamba lina. Chachiwiri, kuti anthu amene dziko limawatcha achabechabe, opisa m'matumba, akazi oyendayenda, ogulitsa anzawo kwa apolisi, nawonso ali ndi malamulo awo, manyazi awo ndi mantha awo. Ankadya nawo, ankadziwa mayina awo. Patsogolo pake adayamba kulemba mabuku a nthano ndi nkhani zogulitsa kwa opanga mafilimu ku Hollywood.

Ku nkhondo

America italowa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu Disembala 1941, Fuller, ali ndi zaka 29, adalembetsa usilikali wa pansi m'gulu lotchedwa First Infantry Division. Adatsikira ku Algeria mu Novembala 1942, namenya nkhondo ku Tunisia, ku Sicily mu 1943, ndipo pa 6 Juni 1944 adali m'gulu la amene adatsika pagombe la Omaha ku France, pamene anzake ambirimbiri adafera m'madzi asadaponde mchenga wouma. Adalandira mamendulo a ukatswiri, koma chimene chidamukhalira m'mutu kwambiri chidachitika nkhondo ikutha.

Mu Meyi 1945 gulu lake lidafika pa Falkenau, tauni imene lero imatchedwa Sokolov m'dziko la Czech Republic. Pafupi ndi nyumba za anthu padali ndende imene a Nazi ankazunziramo akaidi ndi njala, matenda ndi ntchito ya kalavula gaga. Mitembo idali itaunjikidwa yamaliseche. Akuluakulu a m'tauniyo adati iwo sankadziwa kanthu, chonsecho fungo linkafika m'makomo mwawo. Mkulu wa asilikali adawalamula kuti atulutse mitemboyo, aiveke zovala umodziumodzi, aikweze pangolo, adutse nayo pakati pa tauni anthu onse akuona, kenaka akaiike m'manda mwaulemu. Fuller adali ndi kamera yaing'ono imene mayi ake adamutumizira, ndipo adauzidwa kuti ajambule zonsezo. Imeneyo ndiyo filimu yake yoyamba: yopanda mawu, yopanda ochita zisudzo, anthu akuveka akufa.

Bwato lakelake

Kuti timvetse mawu akuti wopanga mafilimu woima payekha, tiyerekeze ndi za kunyanja kuno. Pali msodzi amene amagwira ntchito pa chilimira cha bwana. Boti ndi lalikulu, injini ilipo, nyali zilipo, koma kopita ndi nthawi yobwerera amanena ndi mwini zipangizo, ndipo nsomba zikafika pagombe si zake. Ndiye pali wina wa bwato lakelake ndi timaukonde take. Amapha zochepa, mwera ukaomba amavutika yekha, koma palibe womuuza koponya. Ku Hollywood masiku amenewo makampani akuluakulu monga 20th Century Fox, Paramount ndi Columbia ndiwo adali eni chilimira. Wolemba nkhani adali wina, wotsogolera kujambula wina, wodula ndi kulumikiza zithunzi winanso, ndipo mawu omaliza adali a mwini ndalama. Fuller ankafuna kuti nkhani alembe yekha, ajambulitse yekha, ndipo ngati n'kotheka ndalama aziyang'anirenso yekha.

Mwayi udapezeka kwa Robert Lippert, mwini nyumba zoonetsera mafilimu amene ankapanganso mafilimu otsika mtengo. Fuller adavomera malipiro ochepa bola amulole kutsogolera. Filimu yake ya 1949, I Shot Jesse James, siikamba za chigawenga chotchukacho kwenikweni, koma za Robert Ford, mnzake amene adachiwombera kumsana mu 1882, ndi mmene chikumbumtima chidamudyera. Mu 1951 adatulutsa The Steel Helmet, yonena za nkhondo ya ku Korea imene nthawiyo idali mkati. Adaijambula masiku 10 okha ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 104,000, m'paki ina ya mumzinda wa Los Angeles, ophunzira a pakoleji 25 akuvala uku ngati asilikali a mbali ino, uku ngati a mbali inayo, kasinja wake wokhoma ndi matabwa. Idabweretsa ndalama zoposa madola 2 miliyoni. Koma idakwiyitsanso akuluakulu a asilikali, chifukwa idaonetsa sajeni wa ku America akuwombera mkaidi wa pankhondo, ndiponso idatchula poyera kuti msilikali wakuda akabwerera kwawo amakhala kumbuyo kwa basi, ndi kuti nzika za America zochokera ku Japan zidatsekeredwa m'misasa nthawi ya nkhondo.

Ataona phindu limeneli, Darryl Zanuck, bwana wa 20th Century Fox, adamuitana. Fuller adalowa, koma mwendo umodzi udatsala kunja. Ankafunitsitsa kupanga filimu yolemekeza atolankhani a ku New York a zaka za m'ma 1880. Zanuck adati ikhale yamitundumitundu, ya akatswiri otchuka ndi nyimbo. Fuller adakana, natenga ndalama zake za m'thumba, madola pafupifupi 200,000, n'kupanga Park Row mu 1952 monga ankafunira. Anthu sadapite kukaiona, ndalama zonse zidalowa m'madzi. Iye mpaka kukalamba ankati pa mafilimu ake onse imeneyo ndiyo ya pamtima pake.

Amene adagwira naye ntchito amasimba kuti ankakhala ndi chindudu chachikulu cha fodya pakamwa, ndipo m'malo monena kuti yambani ankaliza mfuti m'mwamba kuti ochita zisudzo adzidzimuke zenizeni.

Mayi Moe ndi manda ake

Filimu imene ambiri amati ndiyo yopambana pa za upandu ndi Pickup on South Street ya 1953, ndipo tiima pamenepa pang'ono. Skip McCoy, amene adaseweredwa ndi Richard Widmark, ndi wopisa m'matumba amene wamangidwapo katatu, ndipo akagwidwanso kachinayi ndiye kuti ndende moyo wonse. Amagona m'kachisakasa ka asodzi pamwamba pa madzi m'mphepete mwa doko la New York. Tsiku lina m'sitima ya pansi pa nthaka akuba kachikwama ka mtsikana wotchedwa Candy, osadziwa kuti mkati muli kachidutswa ka filimu kokhala ndi zinsinsi za boma, kopita kwa akazitape a chikomyunizimu. Apolisi akumufuna, akazitape akumufuna. Apolisi atamuchonderera kuti aganizire dziko lake, iye akungowaseka. Zimenezi zidamupweteka J. Edgar Hoover, mkulu wa FBI, amene adakumana ndi Zanuck ndi Fuller n'kudandaula. Zanuck adaima ndi wantchito wake. Chodabwitsa n'chakuti ku France, kumene chipani cha chikomyunizimu chidali champhamvu, omasulira adasintha mawu onse kuti nkhani ikhale ya mankhwala ozunguza bongo, ya akazitape n'kuichotsamo. Filimu imodzi, mbali ziwiri zonse zosakondwa nayo.

Koma mtima wa filimuyi uli pa mayi wina wokalamba, Moe Williams, amene adaseweredwa ndi Thelma Ritter. Moe amayenda m'misewu ndi kasutikesi kugulitsa mataye, koma malonda ake enieni ndi kuuza apolisi mayina a mbava. Amadziwa wakuba aliyense ndi kapisidwe kake. Mbavazo sizimusungira chakukhosi, zimadziwa kuti naye afunika kudya. Ndalama zimene amapeza sadyera, savalira. Akusunga kuti agule malo m'manda abwino ndi mwala wolembapo dzina lake, pakuti chimene amaopa koposa ndi kukaikidwa ku manda a boma a anthu osowa abale. Manda amenewo alipodi, pachilumba cha Hart ku New York, kumene anthu oposa 1 miliyoni adakwiriridwa m'maenje aataliatali, mabokosi osanjikizana.

Usiku wina Moe afika m'kachipinda kake atatopa, miyendo ikuwawa, napeza kazitape uja akumudikira ndi mfuti ndi ndalama, akufuna adziwe kumene Skip amagona. Mayi amene wagulitsa anthu moyo wake wonse pa madola ochepa akukana. Akumuuza mnyamatayo kuti watopa, ndipo kamera ikuchoka pa nkhope yake kupita pa galamafoni imene ikulira pambali, mfuti n'kumveka. Sitiona magazi. M'mawa mwake bokosi lake lili pa boti lopita ku manda a osowa abale aja, lili ndi nambala m'malo mwa dzina. Ndiye akutulukira Skip, wakuba uja amene amati sasamala za munthu aliyense, ali ndi chikalata m'manja, kudzatenga mtembowo kuti akauike yekha moyenera.

Ife tikuona kuti pamenepa ndi pamene Fuller adasiyana ndi anzake ambiri. Mu filimu wamba ya zigawenga mayi ngati ameneyu akadangokhala mmodzi wa ogwa panjira. Munthu amene adaima pa Falkenau ndi kamera sakadatha kumusiya pa boti lija. Thelma Ritter adasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar chifukwa cha gawo limeneli, ndipo filimuyi idalandira mphoto ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice.

Zigawenga zovala masuti

Atachoka ku Fox, Fuller adakhazikitsa kampani yakeyake, Globe Enterprises. Mu The Crimson Kimono ya 1959, apolisi awiri a ku Los Angeles, wina mzungu wina wa makolo a ku Japan, akufufuza za kuphedwa kwa mkazi wovina, ndipo onse akonda mtsikana mmodzi wachizungu. Mtsikanayo asankha Mjapani uja. Lero zikuoneka zazing'ono, koma nthawi imeneyo zigawo zambiri za America zidali ndi malamulo oletsa ukwati wa anthu osiyana khungu, ndipo khoti lalikulu lidawathetsa mu 1967.

Underworld U.S.A. ya 1961 ndi nkhani ya kubwezera. Tolly Devlin, ali ndi zaka 14, aona zithunzithunzi za amuna anayi pakhoma akumenya munthu mpaka kumupha m'kanjira ka zinyalala. Atayandikira apeza kuti ndi bambo ake. Akana kuuza apolisi, ati athana nazo yekha. Akulira m'nyumba za ana amasiye ndi m'ndende, ndipo patapita zaka 20 apeza kuti atatu mwa opha bambo ake aja tsopano ndi mabwana. Ali ndi maofesi m'nyumba yosanja, amalipira msonkho, amapereka ndalama ku ntchito zachifundo, ndipo dziwe lawo losambiramo amalitsegulira ana osauka. Kuseri akugulitsa mankhwala ozunguza bongo kwa ana a sukulu. Wakupha wawo ndi mnyamata waulemu amene amavala magalasi akuda akafuna kuchotsa moyo wa munthu, ndipo pa malo ena akugunda ndi galimoto kamtsikana kokwera njinga pofuna kuopseza bambo ake. Tolly awamaliza onse mmodzimmodzi mwa kuwadanitsa, koma palibe pamene woonera angaombe m'manja. Kubwezerako kwamuumitsa mtima mpaka kufanana ndi adani ake, ndipo iye afera m'kanjira konga komwe adafera bambo ake, pakati pa migolo ya zinyalala.

Mafilimu awiri otsatira adawapanga ndi ndalama zochepa zedi. Mu Shock Corridor ya 1963 mtolankhani wofuna kutchuka adzipengetsa dala kuti alowe m'chipatala cha amisala n'kufufuza za munthu amene adaphedwa mmenemo. Mboni zake ndi odwala atatu: msilikali amene adagwirizana ndi adani ku Korea, wasayansi wa mabomba a nyukiliya amene wabwerera ku nzeru za mwana wa zaka 6, ndi mnyamata wakuda amene adazunzidwa polowa koleji ya azungu okhaokha mpaka mutu kusokonekera, tsopano akudziyesa mtsogoleri wa gulu lodana ndi anthu akuda la Ku Klux Klan. Mtolankhaniyo apeza wakuphayo, koma misala ija imugwiradi. Ku Britain akuluakulu oyang'anira mafilimu adailetsa. The Naked Kiss ya 1964 ndi ya mkazi woyendayenda amene wasiya moyo umenewo n'kuyamba kusamalira ana olumala pachipatala cha m'tauni yaing'ono. Mwamuna wolemera ndi wolemekezeka kuposa onse m'tauniyo amufunsira ukwati, koma mkaziyo amupezerera akuchita zonyansa ndi kamwana, namupha pomwepo. Tauni yonse ikhulupirira mbiri yabwino ya malemuyo, osati mawu a mkazi wa mbiri yoipa, mpaka kamwanako katapezeka. Sitikukokomeza tikanena kuti nkhani yotere, ya wogwirira ana wobisala m'ulemu wake, ndi ochepa amene ankayerekeza kuikamba poyera mu 1964, ngakhale m'manyuzipepala.

Sitikuti zonse za Fuller zidali zabwino. Adali ndi chizolowezi cha nyuzipepala imene idamulera: kukuwa pamene kunong'ona kukadakwanira. Anthu ake nthawi zina amalankhula ngati mitu ya nkhani ya patsamba loyamba, ndipo pali zithunzi zina zimene adaziika pongofuna kukoka maso a ogula matikiti. Olemba za mafilimu a kwawo ambiri ankamuyesa wopanga zinthu zotchipa. Amene adayamba kumulemekeza ndi achinyamata a ku France, ndipo mmodzi wa iwo, Jean-Luc Godard, adamuonetsa mu filimu yake Pierrot le fou mu 1965.

Walira mvula walira matope

Itatha The Naked Kiss ntchito idasowa. Makampani aang'ono amene ankapanga mafilimu otsika mtengo adali akutha chifukwa cha wailesi ya kanema, ndipo aakulu sankamufuna. Filimu ya Shark ya 1969 eni ndalama adaidula mwakufuna kwawo mpaka iye adaikana kuti si yake. Kwa zaka zambiri ankafunafuna ndalama zopangira filimu ya nkhondo imene iye mwini adamenya. Zitapezeka, The Big Red One idatuluka mu 1980, Lee Marvin akusewera ngati sajeni, koma kampani idamulanda n'kuidula kufika pa maola osakwana awiri.

Chomupweteka koposa chidadza mu 1982. Paramount idamupatsa ntchito yopanga White Dog, yochokera m'buku la Romain Gary. Ndi nkhani ya galu amene mwini wake adamuphunzitsa kuyambira ali kamwana kuluma anthu akuda okhaokha, ndi ya katswiri wophunzitsa nyama, iye mwini wakuda, woseweredwa ndi Paul Winfield, amene akana kuti galuyo aphedwe chifukwa akufuna kudziwa ngati chidani chochita kuphunzitsidwa chingachotsedwe. Filimuyo isadatuluke mphekesera idafala kuti ndi ya tsankho, ndipo ena a m'bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP adaonetsa nkhawa kuti ingapatse nzeru anthu oipa. Kampaniyo, poopa kunyanyalidwa, idaitsekera m'kabati. Munthu amene kuyambira 1951 ankadzudzula tsankho pamene anzake adali chete adatchedwa watsankho, ndipo ambiri omunenawo filimuyo adali asadaione. Ku France ndi ku Britain idaonetsedwa n'kuyamikiridwa. Ku America idaoneka m'nyumba zochepa mu 1991, ndipo idayamba kugulitsidwa pa DVD mu 2008.

Fuller adasamukira ku Paris ndi mkazi wake Christa Lang ndi mwana wawo Samantha, ndipo sadapangenso filimu ina ku America. Ku Ulaya adapanga ochepa, womaliza wa m'nyumba zoonetsera ndi Street of No Return ya 1989. Atadwala matenda opha ziwalo adabwerera ku Los Angeles, kumene adamwalira pa 30 Okutobala 1997 ali ndi zaka 85.

Zambiri zidakonzeka iye atapita. Buku la moyo wake, A Third Face, lidatuluka mu 2002, mawu oyamba atalemba Martin Scorsese, mmodzi wa opanga mafilimu ambiri amene amati adaphunzira kwa iye. Mu 2004 Richard Schickel adafufuza zidutswa za The Big Red One zimene zidatayidwa, nabwezeretsa mphindi zoposa 40. Nyumba ya mabuku ya boma la America, Library of Congress, imasankha chaka ndi chaka mafilimu 25 oyenera kusungidwa mpaka kalekale. Shock Corridor idalowa m'kaundulayo mu 1996, Pickup on South Street mu 2018. Mu 2014 adalowetsamonso kafilimu kopanda mawu ka mphindi pafupifupi 20, kamene Fuller adakasunga kunyumba kwake zaka zoposa 40 asadalole kuti kaonetsedwe poyera mu 1988: anthu a ku Falkenau akukankha ngolo za mitembo yovekedwa, kudutsa pakati pa tauni yawo kupita ku manda.